Kuswana ndi Umoyo wa Nsomba za Cichlid m'Thanki ya Pakhomo

Cichlid ndi banja lalikulu la nsomba za m'madzi opanda mchere, limene akatswiri amalitcha Cichlidae. Mitundu yoposa 1,600 ya m'banjali inalembedwa kale m'mabuku a sayansi, ndipo ina yambirimbiri sinapatsidwebe maina. Nsombazi zimapezeka mu Africa, ku Madagascar, ku Central America ndi South America, komanso mitundu yochepa ku Middle East, India ndi Sri Lanka. Chambo, makumba, utaka, mcheni, chisawasawa ndi mbuna zonse ndi za m'banja limeneli, kotero msodzi wa ku Mangochi kapena ku Nkhotakota amazidziwa bwino ngakhale dzina loti cichlid sanalimvepo. Oweta nsomba zokongoletsa m'nyumba amazikonda chifukwa cha kuwala kwa matupi ake, ndiponso chifukwa zimalera mazira ndi ana, chinthu chimene nsomba zambiri sizichita. Koma khalidwe lomweli ndi limene limautsa mavuto m'thanki. Nsomba yofuna kuswana imalanda malo ndi kumenya zinzake, ina imatha masabata osadya, ndipo matenda ambiri amene woweta amalimbana nawo amalowera pamenepo.

Kwawo kwa nsombazi

Mitundu yochuluka ili m'nyanja zitatu zazikulu za mu Africa: Malawi, Tanganyika ndi Victoria. Nyanja ya Malawi ndiyo ikuposa zinzake. Akatswiri amati muli mitundu pakati pa 700 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear, inalowera m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984.

M'mathanki, zotchuka kwambiri ndi mbuna, tinsomba ta m'miyala timene nthawi zambiri sitipitirira masentimita 15. Geoffrey Fryer anatifufuza ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950, ndipo dzina loti mbuna, limene asodzi a Chitonga amagwiritsa ntchito, linafalikira dziko lonse. M'gulu limeneli muli Labidochromis caeruleus yachikasu ndi yofatsirako, Metriaclima estherae ya ku gombe la Mozambique, ndi Melanochromis auratus, imene ukali wake wagwetsa mphwayi oweta ambiri oyamba kumene. Gulu lina ndi la Aulonocara, nsomba zimene zimasaka tizilombo mumchenga pogwiritsa ntchito timabowo ta kumutu tomva kugwedezeka. Palinso zikuluzikulu zodya zinzake, monga kalingono, Nimbochromis livingstonii, amene amagona chammbali pamchenga kunamizira kufa mpaka kansomba kofuna kujompha mtembo kafike pafupi.

Malonda otumiza nsombazi kunja zili zamoyo anayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo Stuart Grant anawakulitsa ali ku Kambiri Point m'boma la Salima kuchokera m'ma 1970 mpaka pamene anamwalira mu 2007. Aulonocara stuartgranti inatchulidwa dzina lake. Lero mbuna zambiri zogulitsidwa m'masitolo a ku London kapena Johannesburg sizinaionepo nyanja. Zinabadwira m'maiwe a ku Florida, a ku Southeast Asia kapena m'mathanki a ku Czech Republic.

Njira zoswanira

Akatswiri amagawa nsombazi m'magulu awiri: zoikira mazira pamalo n'kumawalondera, ndi zofungatira mazira m'kamwa.

Gulu loyamba ndilo lofala ku America. Angelfish, Pterophyllum scalare, ya ku Amazon, imayeretsa tsamba kapena galasi la thanki, yaikazi n'kumata mazira mazanamazana m'mizere, yaimuna n'kudutsa pamwamba pake kuthira umuna. Makolo onse awiri amakupiza mazirawo ndi zipsepse kuti azilandira madzi atsopano, amachotsa owola, ndipo ana akayamba kusambira amawatsogolera ali pagulu. Discus, Symphysodon, imapitirira apo: masiku oyamba ana amadya mamina otuluka pakhungu la makolo awo, ndipo makolowo amasinthana. Kribensis, Pelvicachromis pulcher, ya ku Nigeria ndi Cameroon, imabisa mazira kudenga la kaphanga. Ku nyanja ya Tanganyika, kansomba kotchedwa Neolamprologus multifasciatus kamakhala ndi kuswana m'zigoba za nkhono, pamene ana akuluakulu a Neolamprologus pulcher amatsalira pakhomo n'kumathandiza kulera azing'ono awo. Nsomba zambiri za gulu limeneli zimakhala ziwiriziwiri, ndipo zikaikira, thanki yonse zimaiyesa yawo. Nsomba ina iliyonse imakankhidwira kungodya.

Za m'nyanja ya Malawi n'zosiyana. Kupatula chilunguni, Coptodon rendalli, ndi wachibale wake Tilapia sparrmanii, zimene zimaikira pansi, pafupifupi zonse zimafungatira m'kamwa, ndipo ntchitoyo ndi ya yaikazi yokha. Kwina kuli mitundu imene bambo ndiye amanyamula, monga Sarotherodon melanotheron ya ku West Africa, ndi ina imene mayi amayamba n'kupatsira bambo pakati pa nyengo, monga Eretmodus cyanostictus ya ku Tanganyika. Ku Malawi yaimuna ikathira umuna ntchito yake yatha.

Kufungatira m'kamwa

Yaimuna yokhwima imasankha malo. Mbuna imatenga mwala wathyathyathya kapena pakhomo pa phanga, n'kukumba mchenga ndi kamwa mpaka galasi la pansi lionekere. Mwa ichi miyala ya m'thanki iyenera kukhazikika pagalasi penipeni mchenga usanathiridwe, chifukwa mwala wokhala pamchenga umagwa ukakumbidwa pansi. M'nyanja, mitundu ya pamchenga imamanga timilu tokhala ngati milu ya chinangwa, tokhala ndi kadzenje pamwamba. Kenneth McKaye analemba mu 1983 za bwalo la timilu totere pafupi ndi Cape Maclear, lotalika makilomita 4, pamene nthawi zina pamasonkhana zazimuna zofika 50,000. Zazikazi zimayendera bwalolo n'kumasankha. M'thanki ya malita 200 yaikazi ilibe mwayi wotero, ndipo ilibenso kothawira yaimuna ikaivutitsa.

Yaimuna ikaona yaikazi yodzaza mazira imawala kwambiri, imatambasula zipsepse, imadzipinda patsogolo pake n'kumanjenjemera, kenaka imasambira cholozera kumalo ake. Yaikazi ikavomera imatsatira. Ziwirizo zimazungulirana, mutu wa ina kumchira kwa inzake. Yaikazi imaikira dzira limodzi kapena angapo, imatembenuka msanga n'kuwatola ndi kamwa. Pachipsepse cha kumunsi cha yaimuna pali madontho achikasu ofanana ndi mazira. Yaikazi imajompha pamenepo, yaimuna imatulutsa umuna, ndipo mazira amakumana nawo m'kamwa. Zimabwereza chomwecho mpaka mazira athe, mwina kwa ola limodzi.

Wolfgang Wickler anafotokoza mu 1962 kuti madonthowo ndi mazira onamizira, okokera kamwa la yaikazi pamene pakutuluka umuna. Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa pamenepo: zazimuna zochotsedwa madontho zimaberekabe, ndipo m'mitundu ina madonthowo amathandiza pokopa zazikazi kapena poopseza zazimuna zinzake. Kwa woweta, chofunika kudziwa n'chakuti zazikazi zambiri nazo zimakhala ndi dontho limodzi kapena awiri, choncho madontho sakwanira kusiyanitsira yaimuna ndi yaikazi. Njira yodalirika ndi kuitembenuza nsombayo m'dzanja lonyowa n'kuyang'ana timabowo tiwiri ta kumimba. Kwa yaikazi yokhwima, kabowo ka kumbuyo kamakhala kokulirapo kuposa ka kutsogolo. Kwa yaimuna timakhala tofanana.

Mazira a mbuna ndi ochepa koma aakulu: kawirikawiri 10 mpaka 50, lililonse mamilimita 3 kapena kuyandikira apo. Yaikazi yofungata imadziwika ndi khosi lotupa kumunsi kwa chibwano ndi kamwa lomangokhala ngati likutafuna. Kutafunako ndi kutembenuza mazira kuti onse azipeza mpweya ndipo asachite nkhungu. Patatha masiku ochepa mazira amaswa m'kamwa momwemo, tiana n'kumakula ndi chakudya cha m'kathumba ka pamimba pawo. Pa madigiri 26 Celsius nyengo yonseyi imatenga pafupifupi masabata atatu, ndipo madzi akazizirako imafika masabata anayi. Nthawi yonseyo mayi sadya. Chakudya chikathiridwa amayandikira, amachiyang'ana, n'kubwerera kukabisala, ngakhale ena amatolako tinyenyeswa mochenjera chakumapeto. Yaikazi yoikira koyamba nthawi zambiri imameza kapena kulavula mazira pasanathe sabata, ndipo palibe chodandaulitsa pamenepo. Ulendo wachiwiri kapena wachitatu imagwira bwino.

Tsiku likakwana, mbuna imalavulira ana m'ming'alu ya miyala, ndipo nthawi zambiri siwalandiranso. Kalingono ndi chambo amawalondera kwa masiku angapo, ndipo zikaopsa anawo amathamangira m'kamwa mwa mayi. Chambo chogwidwa muukonde chikufungata chimalavula mazira onse, ndipo ndi mbali ina ya chifukwa chimene usodzi wa makoka umatsekedwera m'nyanja kuyambira mu Novembala.

Kamwa la mayi si lotetezeka kotheratu. M'nyanja ya Malawi muli nsomba monga Caprichromis orthognathus zimene zimagunda mutu wa yaikazi yofungata kuti ilavule, zidye. Ku Tanganyika kuli wachibale wa nkholokolo, Synodontis multipunctatus, amene Tetsu Sato analemba za iye mu 1986. Cichlid zikamaikira, nsombayi imalowerera, imadya mazira ena n'kusiya ake, mayi n'kuwatolera pamodzi mosadziwa. Ana a mlendoyo amaswa msanga n'kudya ana a mwini kamwa. Mlendoyu akaikidwa m'thanki limodzi ndi mbuna, zimene sizinakumanepo naye m'chilengedwe, amazipusitsa mosavuta.

Ndewu

Mbuna yaimuna simenya chifukwa cha nkhanza chabe. M'nyanja mwala wake ndiwo munda wake wa ndere ndiponso bwalo lake lokopera akazi, ndipo wogonja amangosamukira mwala wina. M'thanki wogonja amapezeka m'maso mwa wopambana tsiku lonse. Amazilala maonekedwe, mwina mpaka kufanana ndi yaikazi, amakakhala pamwamba kungodya kapena kuseri kwa hita, zipsepse zitang'ambika. Ziwiri zofanana mphamvu zimalumana milomo n'kumakankhana. Nsomba yopezeka itafa m'mawa popanda chizindikiro cha matenda nthawi zambiri imakhala kuti yaphedwa.

Oweta odziwa amaika yaimuna imodzi pa zazikazi zitatu kapena zinayi, kuti pasakhale imodzi yothamangitsidwa yokha. Thanki ya mbuna iyambire malita 200, ndipo utali wake, masentimita 120 kapena kuposa, ndi wofunika kuposa kuya kwake. Miyala iunjikidwe yambiri kuti nsomba zisamaonane kuchokera mbali ina kufika ina. Mitundu yofanana maonekedwe, monga iwiri ya buluu ya mizere yakuda, isaikidwe pamodzi, pakuti yaimuna imadana kwambiri ndi yofanana nayo.

Palinso njira yodzaza thanki mwadala. Nsomba zikachuluka, yolusa imalephera kusankha imodzi yoti iisautse, ndipo ndewu imamwazikana. Njirayi imagwiradi ntchito, koma nsomba zambiri ndiye ndowe zambiri. Amene waisankha wavomera kukhala ndi fyuluta yaikulu ndi kusintha madzi mosadumphitsa. Ambiri amatengera mbali yoyamba ya uphunguwu n'kuiwala yachiwiri, ndipo patatha miyezi iwiri amayamba kufunafuna mankhwala.

Chochita ndi mayi wofungata

Njira yosavuta ndi kumusiya momwemo. Miyala ikakhala ndi ming'alu yaing'ono, ana awiri kapena atatu amapulumuka, ena onse amadyedwa. Kwa munthu amene alibe koika nsomba 30 zatsopano mwezi ndi mwezi, njira imeneyi ndi yanzeru.

Wofuna kulera ana onse amasamutsira mayi m'thanki yaing'ono yokhala ndi madzi ochokera m'thanki yaikulu, makamaka sabata yachiwiri itatha, chifukwa akagwidwa msanga amalavula mazira muukonde. Akatulutsa ana, adyetsedwe payekha masiku angapo asanabwezedwe, koma asakhalitse, pakuti nsomba yochoka nthawi yaitali imalandiridwa ngati mlendo. Kubweza magetsi a thanki atazimitsidwa, miyala itasunthidwako, kumachepetsa kumenyedwa.

Oweta amalonda amatsegula kamwa la mayi ndi kamtengo kosalala n'kugwedezera ana m'mbale ya madzi. Akatulutsa mazira osaswa, amawaika m'kabotolo kamene mpweya umawatembenuza pang'onopang'ono m'malo mwa mayi. Zimathandiza pamene mayi wawonda kwambiri kapena ali ndi chizolowezi chomeza mazira. Koma dzanja losazolowera limathyola nsagwada, ndipo mayi wolandidwa ana msanga amaikiranso msanga. M'nyanja mitundu yambiri imaswana motsatira nyengo ndi kupezeka kwa chakudya. M'thanki, mmene kutentha ndi chakudya sizisintha, yaikazi ikhoza kufungata mwezi uliwonse kapena miyezi iwiri iliyonse, ndipo kusala kudya kobwerezabwereza kumaifooketsa. Mimba yolowa m'kati ndi msana wowonda ndi chizindikiro choti ipumitsidwe kutali ndi yaimuna. Kuswana pafupipafupi si umboni woti thanki ili bwino: mbuna zimaswana ngakhale m'madzi amene akuzipha pang'onopang'ono.

Ana a mbuna amatuluka ali aakulu, pafupifupi sentimita imodzi, ndipo tsiku lomwelo amadya chakudya cha m'sitolo choperapera kapena tizilombo ta Artemia tongoswa kumene. Amafuna kudya pang'onopang'ono katatu kapena kanayi patsiku, ndi madzi osinthidwa kawirikawiri. Fyuluta ya siponji ndiyo yoyenera, chifukwa siwayamwa.

Madzi

Madzi a m'nyanja ya Malawi alibe asidi: pH yake ili pakati pa 7.7 ndi 8.6, ndipo pamwamba amatentha madigiri 24 mpaka 29. Koma chachikulu n'chakuti ndi oyera ndipo sasinthasintha. M'thanki, madigiri 24 mpaka 27 ndi pH ya 7.5 mpaka 8.5 n'zokwanira. Miyala ya laimu kapena zigoba zoswaswa m'fyuluta zimaletsa pH kutsika. Madzi a mvula, amene discus ndi angelfish zimakondwera nawo akasakanizidwa bwino, sayenera mbuna. M'malo okwera monga Lilongwe, Dedza kapena Harare, usiku wa mu Juni ndi Julaye umaziziritsa thanki kwambiri, ndipo hita ndi yofunika.

Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha, ziwalo zake zopumira, ndipo ndowe ndi zakudya zotsala zikamawola zimawonjezera wina. Mabakiteriya a m'fyuluta amasandutsa amoniya kukhala nitrite, ena n'kusandutsa nitrite kukhala nitrate. Ziwiri zoyambazo ndi poizoni. Amoniya amawotcha makha, ndipo nitrite imalepheretsa magazi kunyamula mpweya, nsomba n'kumapuma mwawefuwefu pamwamba ngakhale pampu ikugwira. Mabakiteriyawa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achulukane m'thanki yatsopano, ndipo nsomba zambiri za oyamba kumene zimafera m'nyengo imeneyi. Kwa mbuna ngoziyi ndi yaikulu, chifukwa pa pH 8 gawo la amoniya lakupha limachuluka pafupifupi kakhumi kuyerekeza ndi pa pH 7.

Nitrate imachotsedwa posintha madzi, kotala kapena theka la thanki sabata iliyonse, ndi madzi otentha mofanana ndi otsalawo. Madzi a pampopi ali ndi klorini, amene amapha mabakiteriya a m'fyuluta ndi kuwononga makha. Klorini wamba amauluka madzi akakhala m'ndowa tsiku limodzi kapena awiri, koma kumene amathira chloramine pamafunika mankhwala ake a m'sitolo. Siponji ya fyuluta itsukidwe m'madzi ochotsedwa m'thanki, osati pampopi. Magetsi akazima maola ambiri, mpweya umachepa m'thanki yodzaza ndipo mabakiteriya a m'fyuluta yotsekeka amayamba kufa. Kapampu ka mabatire kamapulumutsa zambiri. Kakasowa, kutunga madzi ndi kapu n'kuwathira kuchokera m'mwamba kumathandiza, ndipo nsomba zisadyetsedwe mpaka magetsi ayake.

Matenda

Nthenda yoopedwa kwambiri ndi kutupa mimba, imene oweta a kunja anaipatsa dzina loti Malawi bloat, ngakhale imagwiranso Tropheus ya ku Tanganyika ndi zina. Imayamba mwakachetechete. Nsomba imatola chakudya n'kulavula, kenaka imasiyiratu kudya, imadzipatula, ndipo imakoka ndowe zoyera zazitali zonga ulusi. Mimba ikafika potupa, maso atatuzuka ndi mamba atayimirira, impso ndi chiwindi zimakhala zitawonongeka kale ndipo imfa imabwera m'masiku ochepa. Pano woweta ayenera kupenyetsetsa, chifukwa mayi wofungata nayenso sadya ndipo amabisala. Kusiyana kwake kuli pakhosi ndi pamimba: wofungata amatupa kukhosi, mimba n'kumaphwa, ndipo kawirikawiri satola chakudya n'komwe.

M'matumbo a nsomba zodwala chotere mumapezeka tizilombo ta Spironucleus, Hexamita kapena Cryptobia, pamodzi ndi mabakiteriya. Tina mwa tizilomboti timakhalamo pang'ono ngakhale m'nsomba zathanzi, ndipo timachulukana thupi likafooka ndi kuthamangitsidwa, madzi oipa kapena chakudya cholakwika. Mbuna zambiri zimapala ndere pamiyala tsiku lonse, ndipo matumbo ake ndi aatali, oyenera chakudya cha zomera chodutsa pang'onopang'ono. Nyama ya mtima wa ng'ombe ndi nyongolotsi zamafuta sizizikomera. Chakudya chokhala ndi spirulina, nsawawa zophika zosenda kapena masamba owiritsa pang'ono ndizo zoyenera, ndipo zithiridwe zoti zithe m'mphindi imodzi. Mbuna imaoneka yanjala nthawi zonse, ndipo kuimvera chisoni n'kuipha. Mankhwala odziwika ndi metronidazole, amene amagwira bwino nsomba ikadali kudya, osakanizidwa m'chakudya. Mchere wa Epsom umathandiza kutsegula m'mimba. Koma ngati yolusa ija ikadali m'thanki ndipo madzi sanasinthidwe, yotsatira imadwala sabata yamawa.

Madontho oyera onga mchere pathupi ndi pazipsepse amayamba ndi kachilombo ka Ichthyophthirius multifiliis. Nsomba imadzikhula pamiyala n'kufinya zipsepse. Kachilomboka kakakhala pansi pa khungu mankhwala sakafika. Kakakhuta kamagwera pansi, kamadzitsekera m'kathumba n'kugawikana kukhala tiana mazanamazana, ndipo ndi pamene tatuluka kukasaka nsomba pamene timaphedwa. Choncho chithandizo chipitirire masiku 10 mpaka 14 ngakhale madontho atazimiririka. Kukweza kutentha pang'onopang'ono kufika madigiri 29 kapena 30 kumafulumizitsa moyo wa kachilomboka, koma madzi otentha amasunga mpweya wochepa, ndiye pampu iwonjezeredwe. Mchere kapena mankhwala a malachite green ndiwo amagwiritsidwa ntchito. Nsomba zopanda mamba monga nkholokolo sizipirira mlingo wathunthu, ndipo malachite green ndi woletsedwa pa nsomba zoti anthu adye.

Zigamba zotuwa pakamwa kapena pamsana, zimene ambiri amaziyesa nkhungu, kawirikawiri zimayamba ndi bakiteriya wa Flavobacterium columnare. Amalowera m'mabala, ndiye amakonda kuoneka zazimuna zitalumana milomo. Bakiteriyayu amakula msanga m'madzi otentha, kotero wokweza hita poganiza kuti ndi madontho oyera amafulumizitsa imfa. Kuzindikira nthenda kutsogole mankhwala, ndipo mankhwala opha mabakiteriya aperekedwe ndi uphungu wa dokotala wa ziweto, chifukwa amaphanso mabakiteriya a m'fyuluta.

Tinyongolotsi ta m'makha ndi pakhungu, monga Cichlidogyrus ndi Gyrodactylus, timachititsa kupuma mofulumira ndi kudzikhula popanda madontho, ndipo timaphedwa ndi praziquantel. Timabowo ta pamutu, tofala pa cichlid monga oscar ndi discus, timayendera limodzi ndi madzi okhalitsa ndi chakudya chosakwanira.

Nthenda imodzi imakhudza ndi munthu yemwe. Nsomba yowonda pang'onopang'ono ngakhale ikudya, yopindika msana kapena ya zilonda zosapola ikhoza kukhala ndi Mycobacterium marinum kapena achibale ake. Mankhwala odalirika a nsombayo palibe. Bakiteriyayu amalowa pabala la padzanja n'kuyambitsa zotupa zosapola patatha masabata angapo, ndipo munthu amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika ali pachiopsezo chachikulu. Wokhala ndi bala avale magolovesi, payipi yochotsera madzi isayamwidwe ndi kamwa, ndipo wopita kuchipatala ndi chotupa chotere auze adokotala kuti amaweta nsomba. Nkhono zotoledwa m'nyanja zisalowe m'thanki, pakuti za mtundu wa Bulinus ndizo zimasunga tizilombo ta likodzo.

Nsomba yatsopano iliyonse ikhale m'thanki yapadera masabata anayi isanasakanizidwe ndi zinzake, ndi kaukonde ndi ndowa zakezake. Thanki yomweyo imakhala chipatala cha yovulala ndiponso chikuta cha mayi wofungata.

Kusakanizika kwa mitundu

Mitundu ya cichlid ya m'nyanja ya Malawi inapatukana posachedwa m'mbiri ya zamoyo, ndipo yambiri ikhoza kuberekana n'kubala ana amene nawonso amabereka. M'nyanja chimene chimaisiyanitsa kwambiri ndi maso a yaikazi, imene imasankha yaimuna ya maonekedwe a mtundu wake, komanso mtunda wa mchenga kapena madzi akuya pakati pa miyala ina ndi ina. M'thanki zotchinga zimenezi kulibe. Yaikazi yosowa mwamuna wa mtundu wake imalola yolamula thanki, kaya ndi ya mtundu wanji. Zazikazi za Aulonocara n'zotuwa ndi zofanana kwambiri moti zikasakanizidwa ngakhale katswiri amavutika kuzilekanitsa. Ana osakanizika sadwala kuposa ena, ndipo mwini thanki akhoza kuwasunga, koma kuwagulitsa kapena kuwagawa ndi dzina la mtundu weniweni n'kuwononga mbewu ya oweta ena. Vuto lina ndi kukwatitsa pachibale mibadwo yambiri, kumene kumabala ana opindika nsagwada ndi ozilala maonekedwe.

Nsomba zotsala zisatayidwe mumtsinje, m'damu kapena m'nyanja. M'zaka za m'ma 1960 mbuna za mtundu wa Cynotilapia afra zochokera kumpoto kwa nyanja zinatulutsidwa pachilumba cha Thumbi West pafupi ndi Cape Maclear. Zinakhazikika, zinafalikira, ndipo ofufuza anapeza kuti zaberekana ndi mbuna za pamalopo. Madzi a m'thanki amanyamulanso matenda. Nthenda ya zilonda ya EUS, imene inaoneka koyamba mu Africa mumtsinje wa Chobe ndi Zambezi cha m'ma 2006, inatsimikizika m'Malawi mu 2020 m'boma la Mchinji, ndipo imayenda ndi nsomba ndi zida zosamutsidwa kuchoka m'madzi ena kupita ena.

Kubwezera nsomba m'nyanja ndi ntchito ya akatswiri okhala ndi chilolezo, ndipo kumatheka pokhapo mbewu itasungidwa yosasakanizika. Chindongo saulosi, kambuna kamene yaimuna yake ndi ya buluu ya mizere ndipo yaikazi ndi yachikasu, kamapezeka pamwala umodzi wokha wa pansi pa madzi, Taiwanee Reef, kufupi ndi chilumba cha Chizumulu. Ogwira nsomba zamalonda anakatola mpaka kutsala kochepa kwambiri, ndipo bungwe la IUCN linakaika m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Kuyambira mu 2013, ana oswetsedwa m'mathanki m'Malawi momwemo, kuchokera kwa makolo a pamwala womwewo, anayamba kubwezedwa ku Taiwanee Reef.